Dzina la Mayi Ako pa Seva ya ku Mwanza

Takondwa mwana wanga, pamene ndikulemba izi sunayambe kuwerenga bwino. Ukadzakula udzamva zambiri za mmene ndinasiyira ntchito ndikadali wamng'ono. Ena adzati ndinawononga makina, ena adzati maliro a mayi ako anandisokoneza mutu. Ndikufuna udzazimve kwa ine. Sindinawononge kanthu, ndipo mutu wanga unali bwinobwino. Linangofika Loweruka lina pamene ntchito ya Mayi Zuze, amene iwe umawatcha agogo a ku ofesi, inatsala pang'ono kutha chifukwa cha chifundo chimene anandichitira. Nkhani yake ndi imeneyo, koma ndiyambe ndi mmene ndinafikira kuno.

Chaka choyamba

Nditamaliza maphunziro a makompyuta ku koleji ku Blantyre, ntchito yanga yoyamba, yomwenso inakhala yomaliza yolembedwa, ndinaipeza ku bungwe lina lothandiza zipatala zazing'ono kusunga mbiri ya odwala ndi kuwerengera mankhwala. Ananditumiza ku ofesi yawo ya ku Mwanza. Ndinkayembekeza chipinda chozizira, chowala, ngati zimene tinkaona m'mabuku. Ndinapeza kachipinda kamene kale kanali kosungiramo matumba, zenera lake lotsekedwa ndi katoni, ndipo m'katimo munali makina atatu achitsulo akulira ngati njuchi. Amene anandilandira ndi a Likoswe, bambo wamtali wa imvi, amene anayamba ntchitoyi makompyuta akadali achilendo m'boma muno. Iwowa ndiwo anandiphunzitsa zimene koleji sinandiphunzitse: kupukuta fumbi la mwezi wa Okutobala m'mafani, kumvetsera batire likayamba kutopa, ndi kuzimitsa makina mwadongosolo magetsi akathima jenereta ilibe dizilo.

Makina atatu aja tinkawatcha maseva. Seva iliyonse inkasunga m'kati mwake makompyuta angapo osaoneka ndi maso, monga nyumba imodzi imene yagawidwa zipinda za lendi. M'chipinda china munali mbiri ya odwala, m'china mankhwala, m'china makalata a ofesi. A Likoswe sankafuna mayina a manambala. Seva yoyamba anaitcha thambani, yachiwiri kanduku, yachitatu nthache, mayina a madera a m'boma muno. Ankati munthu akakuimbira foni uli m'tulo n'kukuuza kuti kanduku wagwa, umadziwiratu koyang'ana.

Ofesi yonse inkayendetsedwa ndi Mayi Zuze. Makiyi anali kwa iwo, dizilo kwa iwo, ndiponso maliro ndi maukwati a aliyense wa ife. Anabwera kuno ali mtsikana, kuthawa nkhondo ku Mozambique, ndipo anakulira kumalire konkuno. Chitenje ankachitcha kapulana. Kunyumba kwawo ankalera ana a malemu mng'ono wawo pamodzi ndi mayi awo okalamba, onsewo akudalira ntchito imodzi yomweyo. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena kuti, "A Magombo, mwaonda chonchi mukayendetsa makina a anthu? Khalani pansi mumwe tiyi kaye."

Chaka cha ukwati

Mayi ako ndinakumana nawo ku Kanduku, kumene ankaphunzitsa pasukulu ya pulayimale. Za chibwenzi chathu ndidzalemba pena. Pano ndingonena kuti sabata imene tinachita chinkhoswe ndi yomwenso likulu linatitumizira pulogalamu yatsopano yoyang'anira maseva atatu aja pamodzi. Inali seva yachinayi, yosaoneka ndi maso, kapitawo wa zinzake. Imeneyi ndiyo inkaona kuti seva ina ikafa, zipinda zake zisamukire kwa inzake, ndiponso makope a zonse, amene timati bakapu, ankadutsira mwa iyo. Pofika poipatsa dzina, a Likoswe anachotsa manja pa kiyibodi.

"Mphwanga," anatero, "dzina la iyi si la masewera. Limene uipatse lero lilowa m'kati mwenimweni, m'zikalata zake zonse zimene imadzidziwikitsa nazo kwa zinzake. Sulisintha ngati malaya."

"Ndiye tiitche mwanza," ndinatero ine.

"Mwanza? Iyi ikulamulira anzake. Uitche dzina la amene akulamulire iwe kuyambira Loweruka likubwerali."

Mayi Zuze, amene anali pakhomo ndi makiyi m'manja, anaseka mpaka kugwira chitseko. Ndinalemba dzina la mayi ako: enelesi. Nditakawauza mayi ako, anati, "Ndiye kuti ndikakwiya, zipatala zonse ziima?" Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ntchito yanga inkayamba ndi kulemba dzina limenelo.

Patapita zaka ziwiri a Likoswe anapuma, ine n'kutsala ndekha. Likulu linalemba bwana watsopano wa za makompyuta, a Mwale, munthu wophunzira bwino, wofulumira, amene ankadana ndi chilichonse chosalembedwa. Sindikuwanenera zoipa. Anatipezera mabatire atsopano pamene ena onse analephera. Iwowa anasamutsira ku Blantyre seva ya mayina, imene amisiri amati DNS. Ntchito yake ndi yophweka: kompyuta iliyonse ili ndi dzina ndiponso nambala, ndipo seva ya mayina ndi imene imayankha ukaifunsa kuti dzina ili nambala yake ndi iti, kapena nambala iyi mwini wake ndani. Kuyambira pamenepo ife a ku Mwanza sitinkathanso kuigwira. Anaikanso lamulo, pambuyo pa ngozi ina imene inachitika ku ofesi ya boma lina: aliyense wochititsa kuti makina asinthidwe popanda chilolezo cholembedwa, ntchito yake yathera pomwepo. Ankanenanso kawirikawiri kuti mayina athu a kumudzi adzawachotsa, aike a manambala.

Nyengo ya manachesi, chaka chachisanu

Mayi ako anadwala masiku ochepa. Tinawaika ku Kanduku, kwawo. Sindilemba zambiri pamenepa.

Ndili kumaliro, likulu linatumiza a Sitima, mmisiri wa ku Blantyre, kudzandigwirira ntchito. Nditabwerera ndinapeza tebulo langa lapukutidwa. Chithunzi cha ukwati chimene chinkakhala pafupi ndi foni panalibe, kapu imene mayi ako anandigulira panalibenso. Ndinazipeza pambuyo pake m'kabati, zitakulungidwa bwino mu kapulana. Ndinadziwa kuti ndi manja a Mayi Zuze. Kwawo, maliro akatha, amayi amalowa m'nyumba n'kuchotsa pamaso pa wofedwa zinthu za malemu, kuti asamapunthwe nazo m'mawa uliwonse, ndipo dzina la malemu salitchula pafupi naye mpaka iye mwini atayamba. Palibe amene anatchula dzina la mayi ako mu ofesi monse. Ankangoti malemu, kapena mayi a Takondwa.

Nditayatsa kompyuta ndinapeza kuti pa sikirini, pamene pankalembedwa enelesi, panali dzina la zilembo zitatu ndi nambala. Ndinaganiza kuti a Mwale achita zimene ankanena zija. Ndinalowa, zonse zinkayenda. Sindinafunse munthu. Miyezi inapita chonchi: kukusiya kwa azakhali ako m'mawa, ntchito, kukutenga madzulo.

Loweruka lija

Mvula itayandikira, likulu linalamula kuti pulogalamu ya seva yoyang'anira ija ikwezedwe, chifukwa opanga ake anali atasiya kusamalira yakaleyo. A Mwale anabwera okha kuchokera ku Blantyre Loweruka m'mawa, ndi mtima wobwerera masana, chifukwa anali ndi ukwati wa m'bale wawo. Mayi Zuze anabwera kudzatitsegulira ndi kuyang'anira jenereta. Tinayamba bwino. Pulogalamu yatsopano isanalowe, imayamba yafufuza ngati zonse zili m'malo. Mizere yobiriwira inatsika umodziumodzi. Kenako panatuluka mzere wachikasu. Chenjezolo linkati seva yafunsa dzina lake kwa seva ya mayina ndipo sinayankhidwe, komanso nambala yake ikubweza dzina lina losiyana ndi limene ili nalo m'kati. Pansi pake panali mabatani awiri, lopitirira ndi loimitsa.

"Chachikasu si chofiira," anatero a Mwale. "Dinani tizipita."

Ndinawapempha kuti ndione kaye. Ndinafunsa seva ya mayina dzina latsopano lija, inayankha. Ndinafunsa nambala, inabweza dzina latsopano lomwelo. Kenako ndinalowa m'kati mwa seva yeniyeniyo n'kuifunsa kuti ndiwe yani. Inalemba dzina la mayi ako. Ndinali ndisanalione lolembedwa chichokereni kumanda. Ndinawauza a Mwale kuti dzina linasinthidwa kunja kokha, m'kati likadali lakale.

"Ine sindinalamule zimenezo," anatero. Anatulutsa foni n'kuimbira a Sitima, mawu akumveka m'chipinda monse. A Sitima anayamba ndi kuzungulira, kenako ananena zoona. "Bwana, ndi Mayi Zuze anandipempha. Anati mwamunayo asadzapeze dzina la mkazi wake pa sikirini. Ndinangosintha pa seva ya mayina ndi pachikwangwani chakunja chooneka pa sikirini. Ndinaona ngati n'zazing'ono."

Mayi Zuze anali ataima pakhomo ndi thireyi ya tiyi. Anaiika pansi pang'onopang'ono.

"Ndine ndinanena," anatero. "Ndinachotsa chithunzi, ndinachotsa kapu. Ndikanasiya bwanji chimene amachigwira ndi zala tsiku lililonse? Bambo a Takondwa akanalowa muno m'mawa woyamba n'kuyamba ndi chimenecho?"

"Amayi," anatero a Mwale, "seva si kabati."

"Ine za maseva sindizidziwa, bwana. Ndimadziwa maliro."

A Mwale anawapempha kuti atuluke kaye, n'kutseka chitseko. Analankhula motsitsa mawu, ndipo ndikhulupirira kuti ankafuna kuchita zabwino. "A Magombo, tamverani. Tikadina lopitirira, palibe chimene chachitika muno. Ine sindinamve kanthu, inu simunamve kanthu, amayiwa Lolemba ali pa ntchito. Tikaimitsa, dzina lakale liyenera kubwezedwa pa seva ya mayina. Kuti ndibweze pafunika fomu. Fomu ifuna chifukwa, ndipo chifukwa chifuna munthu. Lamulo mukulidziwa, ndinalilemba ndine. Sindingalipinde."

"Nanga ikakanika pakati?" ndinafunsa.

"Nthawi zambiri imadutsa."

"Nthawi zina?"

Yankho ankalidziwa monga ndinkalidziwira ine. Pulogalamu yatsopano ikafika pakati imayenera kudziitana yokha ndi dzina la m'kati lija. Ikapanda kudzipeza, imatha kuima pamenepo, yakale itazimitsidwa kale, yatsopano isanadzuke. Maseva atatu aja akanapitiriza kulira, koma opanda kapitawo: bakapu ikanaima, ndipo seva imodzi ikanafa, zipinda zake sizikanasamukira kwina. Mvula yoyamba kuno imabwera ndi ziphaliwali, magetsi n'kumangothimathima. Ndinaganiza za anamwino a ku Thambani akutsegula kompyuta Lolemba, mzere wa odwala uli panja, mbiri ya mankhwala a munthu aliyense osaoneka. Ndinaganizanso za ana aja a kunyumba kwa Mayi Zuze. Sindinganame kuti ndinaona njira yoyera. Ndinadina loimitsa.

A Mwale anapumira m'mwamba, n'kuimba foni kunyumba kwawo kuti asawadikire. Anatsegula laputopu yawo, n'kulowa mu seva ya mayina ya ku Blantyre. "Nenani dzina ndilembe," anatero osandiyang'ana.

Akanatha kuliwerenga pa sikirini yanga, koma anali atakhala mbali ina ya tebulo, ndipo sindikuganiza kuti anazindikira chimene ankandipempha. "Enelesi," ndinatero. Kanali koyamba kulitchula mokweza chichokereni ku Kanduku. Analemba, anabweza mbali zonse ziwiri, dzina ku nambala ndi nambala ku dzina. Tinayambitsanso kufufuza. Mizere yonse inatsika yobiriwira. Pulogalamu inalowa bwinobwino, ndipo dzuwa lisanapendeke kwambiri maseva atatu aja anali ataonekeranso pansi pa kapitawo wawo.

Kunatsala fomu. A Mwale analemba zimene zinachitika, n'kufika pa mzere wofunsa amene anachititsa kusinthako. Anaima.

"Lembani ine," ndinatero.

"Si inu. Tonse tamva."

"Makinawa woyang'anira wake ndine. Chinachitikacho chinachitikira ine, osati wina. Palibe bodza pamenepo."

"Mukudziwa chimene chitsatire? Muli ndi mwana wamng'ono, a Magombo."

"Ndili ndi mwana mmodzi ndi satifiketi ya ku koleji. Amayiwa ali ndi nyumba yodzaza, ndipo pa msinkhu wawo palibe amene angawalembenso."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti anaonanso kuti dzina langa likalembedwa, la a Sitima, mmisiri wawo, silidzafunsidwa kwambiri. Anthu timakhala ndi zifukwa zingapo nthawi imodzi. Analemba, ine n'kusaina. Potuluka tinapeza Mayi Zuze atakhala pa benchi pafupi ndi jenereta. A Mwale anangowauza kuti zatheka, atseke ofesi. Ine sindinawauze kanthu.

Mvula itatha

Anandiitana ku likulu. Anandifunsa mwaulemu, ndinayankha zomwe zinali pa fomu. Poganizira za maliro, sanandichotse nthawi yomweyo. Anandilola kumaliza kontirakiti, koma sanaiwonjezere. Miyezi yotsalayo ndinaigwiritsa ntchito kuphunzitsa mayi wina wa ku Neno amene anadzalowa m'malo mwanga, ndipo m'mawa uliwonse ndinkalembanso dzina la mayi ako. Masiku oyamba zala zinkalemera. Kenako zinazolowera. Panali m'mawa wina pamene ndinalilemba n'kukumbukira mmene ankasekera, osati mmene anagonera m'chipatala. Ndinamva kuti nditachoka, likulu linasintha mayina onse anayi mwa njira yake yoyenera, kuyambira m'kati. Sindinafunse kuti linali tsiku liti.

Mayi Zuze anadziwa zoona sabata yanga yomaliza, chifukwa kalata yothetsa kontirakiti inadutsa pa tebulo lawo. Anandipeza m'kachipinda ka maseva ndikulongedza zida zanga. Anatseka chitseko. Sindinawaonepo atakwiya chonchija.

"Bambo a Takondwa, mwachita chiyani?"

"Palibe, amayi. Kontirakiti yatha."

"Musandiyankhe ngati mwana. Mlandu unali wanga. Ndinauvomera ndi pakamwa panga pamaso pa bwana. Ndani anakupatsani mphamvu yonditengera mlandu wanga osandifunsa?"

Ndinayika sikuludiraiva pansi. "Nanga inu munandifunsa pochotsa dzina lija?"

Anakhala pa mpando wanga, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana.

"Mukanakana?" anafunsa.

"Ndikanakana."

"Inenso ndikanakana," anatero.

Kenako anati apita ku Blantyre akanene zonse. Ndinawauza kuti nkhani inatsekedwa, ndipo akakaitsegula ntchito zitha ziwiri m'malo mwa imodzi, ndiye kuti zanga zapita pachabe. Anandinena kuti ndine wouma mutu ngati mbuzi ya ku Nthache. Kenako anandifunsa, mwamantha ngati munthu woponda pamalo oterera, ngati tsopano angathe kumutchula.

"Mutchuleni," ndinatero.

"Enelesi akanakukalipirani kwambiri pa zimenezi."

"Akanatikalipira tonse awiri."

Lero ndimakonza makompyuta ndi mafoni a anthu ogwira ntchito kumalire, ndipo nyengo ya manachesi ndimathandiza amalume ako kumunda ku Kanduku. Sitinagonepo ndi njala, ngakhale pali miyezi ina imene ndimailakalaka ntchito ija, ndipo sindikubisa. Mayi Zuze akadali pa ntchito. Ana onse a mng'ono wawo akadali pa sukulu. Sanandithokozepo, ndipo ndikuwapempha m'mtima kuti asadzatero. Iwe ukadzawerenga izi, usadzapite kukawauza kuti bambo anga anakuchitirani chakuti. Ukadzafuna kuwafunsa kanthu, udzawafunse za mayi ako. Amawadziwa bwino, ndipo tsopano amawatchula dzina.